Momwe mungatengere unzika wa ku UK mpaka kufika tsiku lolumbira

Abale anga ambiri ku Leicester, Manchester ndi Glasgow akhala ndi ILR (chilolezo chokhala mu UK popanda malire a nthawi) zaka zambirimbiri osapitirira kukatenga unzika, ati kuopa kuti akatenga pasipoti ya Britain ndiye kuti Malawi amutaya. Kale zinalidi choncho, koma mu December 2018 aphungu ku Lilongwe anavomereza lamulo lolola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri, ndiye mantha amenewo achotseni.

Choyamba werengani masiku, ndipo apa mpamene ambiri a ife timagwa. Muyenera kukhala mutatha zaka 5 mu UK, komanso ILR yanu itakwanitsa miyezi 12. Ngati muli pabanja ndi nzika ya Britain ndi zaka 3 ndipo miyezi 12 ija simudikira. Pa zaka 5 zimenezo masiku amene munali kunja asapose 450, ndipo chaka chomalizachi asapose 90. Ife ndi anthu a maliro, a kumanga manda, a ukwati wa mlongo, ukapita kumudzi sungabwere pa sabata imodzi, ndiye masikuwo amachuluka osadziwa. Tengani mapasipoti onse ndi akale omwe, muone zidindo, mufufuze maimelo a matikiti, mulembe ulendo uliwonse. China chimene anthu sachidziwa: tsiku limene Home Office (unduna woona za m'dziko ndi za anthu olowa mu UK) ikulandira fomu yanu, akabwerera m'mbuyo zaka 5 ndendende akupezeni kuti munali mu UK. Ngati tsiku limenelo munali pa Chileka kapena ku Mzuzu dikirani kaye, osatumiza.

Kenako mayeso awiri. Oyamba, Life in the UK, ofunsa za moyo ndi mbiri ya dzikolo, ndi mafunso 24 pa mphindi 45, mukhoze 18, mtengo mapaundi 50. Ngati munalemba nthawi ya ILR simulembanso. Achiwiri ndi a Chingerezi, akufuna mufike pa mlingo wapakati wotchedwa B1, ndipo ngakhale tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene salemba, zowawa ndithu koma ndi mmene zilili. Amene afika zaka 65 salemba onse awiri.

Fomu yake ndi AN, mumalemba pa intaneti pa GOV.UK. Pamafunika mboni ziwiri zimene zakudziwani zaka 3 ndipo asakhale achibale, mmodzi wa ntchito yodziwika ngati nesi, mphunzitsi kapena abusa, winayo akhale ndi pasipoti ya Britain. Pa mafunso a khalidwe nenani zoona zonse, chindapusa cha pamsewu, nkhani ya kupolisi, msonkho, ngakhale zioneke zazing'ono, chifukwa kubisa amakutenga ngati mlandu waukulu kuposa chinthucho, ndipo akakukanani ndalama za fomu sizibwerera. Ndalamazo zimaposa mapaundi 1,500 ndipo zimakwerakwera, onani mtengo wa tsikulo musanalipire. Mukatero mupita kokajambulitsa ndi kudinda zala, yankho nthawi zambiri limabwera mkati mwa miyezi 6.

Kalata yovomereza ikabwera simunakhale nzika ayi. Muli ndi miyezi 3 yoti mukonze mwambo wolumbira ku khonsolo ya kwanuko. Kawirikawiri amalola alendo awiri, ndiye ngati banja ndi lalikulu funsani za mwambo wa panokha, umenewo mumawonjezera ndalama. Musaiwale kalata yokuitanani ndi chiphaso cha chithunzi.

Adzakufunsani ngati mulumbire potchula Mulungu kapena mungolonjeza osamutchula, zonse mphamvu yake ndi imodzi, sankhani zimene mtima wanu ukuvomera. Mawu ake ndi olonjeza kukhulupirika kwa mfumu Charles III, kenako lonjezo lachiwiri lolemekeza malamulo, ufulu ndi demokalase ya dzikolo. Kuloweza sikofunika, pamakhala kakhadi ndipo mumatsatira wotsogolera mwambo, kubwereza mawuwo nkutchula dzina lanu. M'holomo mumakhala mbendera, chithunzi cha mfumu, nthawi zambiri ndi a meya atavala tcheni chawo, ndipo pambali panu pamakhala mayi wa ku Nigeria, bambo wa ku Pakistan, mtsikana wa ku Poland, aliyense atagwira kakhadi kake dzanja likunjenjemera. Ine ndimati valani chitenje chanu kapena malaya a kwathu, palibe amene amaletsa, ndipo misozi ikabwera isiyeni ituluke, munthu amene wagwira ma shifiti a usiku ku care (ntchito yosamalira okalamba ndi odwala) zaka zonsezi akudziwa mtengo wa pepala limenelo. Akaitana dzina lanu mumalandira setifiketi, kujambulitsa, nkuimba nyimbo ya fuko.

Setifiketiyo musaimate pulasitiki, ofesi ya mapasipoti ikhoza kuikana. Pemphani pasipoti ya Britain musanagule tikiti ya kumudzi, chifukwa mukangolumbira ILR ija yatha ntchito ndipo pobwerera simungalowe nayo. Za mbali ya Malawi, funsani ku High Commission yathu (ofesi ya kazembe wa Malawi) ku London momwe mungalembetsere unzika wa mayiko awiri.