Kumezanitsa mapeyala: nkhani yonse ili pansi pa khungwa

Abale a ku Mufakose, Mabvuku, Dzivarasekwa ndi kwina konse kuno ku Harare, kuzizira kwa June ndi July kukangotha, kuyambira August mpaka October mitengo imakhala yadzuka, nde nthawi yomezanitsa ndi imeneyi. Ambirife tili ndi mtengo pakhomo womera pa njere ya peyala lomwe tinagula ku Mbare Musika, koma wa njere ukhoza kukudikiritsani zaka 7 kaya 10, ndipo zipatso zake sizidziwika ngati zidzafanane ndi zomwe munadya zija. Womezanitsa, zaka 3 kapena 4 mwayamba kuthyola.

Kanthambi komwe amezanitsa kakauma anthu amangoti ine ndilibe dzanja. Si dzanja ayi, ndi maselo.

Chamoyo chilichonse chinapangidwa ndi maselo, tizigawo tosaoneka ndi maso, Robert Hooke ndi amene anationa mu 1665 pa maikulosikopu atacheka kachidutswa ka khungwa. Maselo ofanana amakhala gulu limodzi nkumagwira ntchito imodzi, magulu amenewa ndi omwe amapanga muzu, tsinde ndi tsamba, nde zonsezi zikamagwirizana ndiye mtengo uja mukuuonawo. Mutsinde muli ngati timapaipi ta mitundu iwiri, ta mkati timakweza madzi ndi michere ya m'nthaka kupita ku masamba, ta m'khungwa timatsitsa shuga wopangidwa m'masamba kukadyetsa mizu. Nchifukwa chake mbuzi ikasenda khungwa kuzungulira tsinde lonse mtengo umaonekabe wobiriwira kwa kanthawi kenaka nkufa, mizu imakhala yafa ndi njala.

Tsono pakati pa khungwa ndi thima la mtengo pali kagawo kopyapyala konyowa koterera, akusukulu amati cambium. Maselo apamenepa ndi amene amagawikana nkumapanga timapaipi tatsopano mbali zonse ziwiri. Mukamezanitsa, cambium ya kanthambi ikuyenera kugundana ndi cambium ya tsinde, zikagundana maselo amachulukana kutseka bala la pochekapo nkulumikiza njira ya madzi. Zikaphonyana ngakhale pang'ono, mumange bwanji mumange, kauma basi.

Tengani mbande ya njere yonenepa ngati pensulo, ndi kanthambi kofanana nayo kukula kuchokera pa mtengo womwe mukuudziwa kuti umabereka bwino, kaya wa mtundu wa Hass kaya Fuerte kaya wa aneba uja wokoma, kokhala ndi maso atatu kapena anayi otupa koma asanaphukire. Chotsani masamba. Lezala ikhale yatsopano, ipukuteni ndi sipiliti, mpeni wakukhitchini ayi chonde umafinya maselo mmalo mocheka. Dulani mbande pamwamba, ing'ambeni pakati pang'ono, kanthambi mukasongole mbali ziwiri kenaka kalowetseni mong'ambamo msanga pasanaume, ndipo pochekapo osagwira ndi zala. Ngati kanthambi kachepa osakaika pakati ayi, kakankhireni mbali imodzi kuti makungwa alingane mbali imeneyo, apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa poti pakati pamaoneka bwino. Mangani zolimba ndi pulasitiki kuyambira pansi kukwera mmwamba kuti madzi asalowe, muvindikire kajumbo koyera, muike pamthunzi poti dzuwa la October kuno silinyengerera.

Funso lomwe limabwerabwera, kodi mango angamere pa peyala? Ayi, maselo ake sagwirizana. Mango pa mango, peyala pa peyala, koma malalanje mukhoza kuika pa mandimu chifukwa ndi pachibale.

Pakatha masabata 3 mpaka 5 maso aja ayamba kuphukira, chotsani kajumbo koma pulasitiki ya pabala isiyeni kaye, mudzaimasule bala likapola isanayambe kulowa m'khungwa. Mphukira iliyonse yotuluka mmunsi mwa bala muziithyola ikadali yaing'ono, imeneyo ndi ya mbande ya njere ija ndipo mukaisiya imalanda madzi onse.