Malangizo a kaseŵenzetsedwe ka cida coyesela makina mwa njila ya Wizard of Oz

Cida ici ndi ca ofufuza amene afuna kuona mmene anthu adzakambila ndi pulogalamu ya kompyuta imene ikalibe kupangidwa. Wotengako mbali amakamba kapena kulemba poganiza kuti makina ndiwo akumuyankha, pamene mayankhowo akucokela kwa munthu amene wakhala m'cipinda cina. John F. Kelley ndiye anacha njilayi dzina lakuti Wizard of Oz pa kafukufuku wake ku Johns Hopkins University, ndipo mu 1983 a ku kampani ya makompyuta ya IBM anafalitsa zotsatila za taipilaita yomva mau imene anaiyesa mwa njila imeneyi. Pa Cizungu munthu wobisikayo amachedwa wizard, kutanthauza mfiti, koma m'malangizo ano tikumuchula kuti woyankha, pakuti liu lakuti mfiti lingaopseze anthu pacabe.

Musanaitane munthu aliyense, jambulani mau onse amene makina adzakamba, ndipo muwalumikize motsatila mayankho amene muyembekezela. Umu ndi mmenenso cida ca SUEDE, cimene cinapangidwa ku University of California, Berkeley mu 2000, cinali kugwilila nchito: kukonza, kuyesa, kenako kupenda. Sungani zimene mwakonza kuti pa kafukufuku wotsatila mudzangosintha mau, osayambilanso ciyambi.

Nchito yovuta ili kwa woyankha. Ayenela kusankha pa mayankho okonzedwa kale cabe, ngakhale pamene wamvetsa bwino cimene munthuyo afuna, cifukwa akayankha mwanzelu zake za umunthu, mudzayesa makina amene palibe angakwanitse kuwapanga. Asafulumile pa funso losavuta ndi kucedwa pa lovuta, popeza anthu amazindikila msanga kusiyana kotele. Ngati wotengako mbali wasakaniza Cinyanja ndi Cibemba kapena Cizungu, monga mmene anthu amakambila mu Lusaka, woyankha atsatile lamulo limene munagwilizana poyamba: kaya kuyankha, kaya kupempha kuti munthuyo abwelezenso. Mupatseni woyankha mpata woyeseza kangapo tsiku la kafukufuku lisanafike.

Mau ojambulidwa a wotengako mbali ndi cinsinsi ca mwini wake, conco tengani cilolezo colembedwa ndipo muwasunge mogwilizana ndi lamulo la Zambia loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act la mu 2021. Kuyesa kukatha, muuzeni wotengako mbali kuti amene anali kumuyankha ndi munthu, mufotokoze cifukwa cake simunamuuze poyamba, ndipo ngati wakana kuti mau ake aseŵenzetsedwe, afafanizeni iye akuona.