Kasamalidwe ka galimoto yogonamo pa ulendo wautali

Galimoto zogonamo zimene timaziona zikupita kunyanja, ku Nyika kapena kudutsa pa Mchinji kulowera ku paki ya South Luangwa ku Zambia nthawi zambiri zimakhala Toyota Hilux kapena Land Cruiser zokhala ndi tenti padenga, filiji, thanki ya madzi, silinda ya gasi ndi batire lachiwiri. Amene wagula kapena kubwereka galimoto yotere adziwe kuti wasenzetsa nyumba pamatayala anayi, ndipo mavuto ambiri amene angamugwere panjira gwero lake ndi kulemera kwa katundu komanso kugwedezeka kwa m'misewu ya fumbi.

Galimoto iliyonse ili ndi malire a kulemera kumene ingasenze, ndipo nambala yake imalembedwa pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pafupi ndi chitseko cha dalaivala ngakhalenso m'buku la galimotoyo. Anthu ambiri amawerengera masutikesi okha, kuiwala kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero thanki ya malita 80 ikadzaza zimakhala ngati mwakweza munthu wamkulu wina. Onjezanipo zigubu za dizilo, filiji yodzaza, tayala lapadera lachiwiri, tenti yapadenga imene payokha imatha kuposa makilogalamu 50, ndi anthu anayi, mudzaona kuti malire aja mwawafika musanatuluke n'komwe pageti. Katundu wolemera aikidwe pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo amangidwe ndi malamba kuti asamasereseke. Padenga pakhale zopepuka zokha, monga mipando yopinda ndi zofunda. Ine sindivomereza mchitidwe wondandalika zigubu za mafuta padenga, ngakhale ambiri amatero, chifukwa galimoto yolemera kumtunda imapendekera kwambiri pakona ndipo sichedwa kugubuduzika dalaivala akazemba mwadzidzidzi mbuzi kapena wanjinga.

Kulemera komweko ndi kumene kumatopetsa mabuleki pamatsitso aatali. Taganizirani za Chiweta pa msewu wa M1, msewu wa Golomoti wotsika kuchokera kumapiri a Dedza, kapenanso msewu wa Golodi wa makona pafupifupi 20 pakati pa Livingstonia ndi Chitimba. Dalaivala akangokhazika phazi pabuleki kuyambira pamwamba, mabuleki amatentha, fungo lopserera limayamba kulowa pawindo, kenako chopondera chimafewa n'kumangolowa pansi galimoto osachepetsa liwiro. Njira yake ndi kulowetsa giya yotsika musanayambe kutsetsereka, yachiwiri kapena yoyamba pamene pali potsetsereka kwambiri, kuti injini ndiyo izigwira galimoto, ndipo buleki muziiponda mwamphamvu kwa kanthawi n'kuisiya kuti ipume. Mukamva fungo lija, imani pamalo abwino mudikire kuti mabuleki azizire okha. Musawathire madzi, chifukwa chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimapindika kapena kung'aluka.

Matayala ayezedwe mpweya m'mawa galimoto isanayende, pakuti tayala lotentha limaonetsa mpweya wochuluka kuposa umene ulimo likazizira. Pamchenga kapena pamsewu wa timabampu totsatana ngati malata, kuchepetsako mpweya kumathandiza kuti galimoto isamadumphe ndiponso isatitimire, koma mukangobwerera pa phula popani msanga, chifukwa tayala lofewa likamathamanga limatentha mpaka kuphulika. N'chifukwa chake pampu yolumikiza kubatire ndi geji yoyezera mpweya siziyenera kutsala kunyumba. Onaninso zaka za tayala: m'mbali mwake muli manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT, ndipo 2319 amatanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lapadera limatha kuoneka latsopano pomwe lakalamba ndi dzuwa.

Msewu wochokera ku Rumphi kudzera pachipata cha Thazima mpaka ku Chelinda m'paki ya Nyika, wa makilomita oposa 100, ndi chitsanzo chabwino cha zimene kugwedezeka kumachita. Mabawuti amamasuka pang'onopang'ono popanda wina kuzindikira. M'mawa uliwonse, tiyi ali pamoto, zungulirani galimoto ndi sipanala m'manja: yesani manati a matayala, mabawuti ogwira tenti ndi kaliyala wapadenga, zomangira batire, ndipo mugwade muone ngati pansi padontha oilo, madzi kapena dizilo usiku. Tsegulani boneti muone oilo ndi madzi a m'rediyeta injini ikadali yozizira, ndipo mukayenda tsiku lonse pafumbi chotsani sefa ya mpweya muigogode pang'ono kuti fumbi ligwe. Zonsezi sizitenga mphindi zoposa khumi. Mafuta thirani modzaza ku Mzuzu kapena ku Rumphi, powerengera ulendo wopita, kuzungulira m'paki ndi kubwerera.

Batire lachiwiri lili ndi ntchito yoyendetsa filiji ndi magetsi a pamsasa kuti batire lolizira injini lisakhudzidwe, choncho musananyamuke pemphani wamagetsi a galimoto atsimikize kuti awiriwa amalekana injini ikazima. Batire wamba la mtovu likadzaza limaonetsa mavolti pafupifupi 12.7, ndipo likatsika kufika cha m'ma 12.1 ndiye kuti latha theka. Kulitsitsa kupyola pamenepo kawirikawiri kumalipha msanga. Ku Cape Maclear mwezi wa Okutobala filiji imalira pafupifupi tsiku lonse, kotero imikani galimoto pamthunzi, sola muiyale padzuwa ndi waya wautali, ndipo mupukute fumbi pagalasi lake. Zakumwa muziike m'filiji zitazizira kale kapena pamene injini ikuyenda, ndipo ana auzidwe kuti chivundikiro sichitsegulidwa mwachisawawa.

Pa nkhani ya gasi ndipempha kuti pasakhale kunyengerera. Nthawi iliyonse mwalumikiza silinda, sungunulani sopo m'madzi, mupake thovu lake pampope ndi pamene paipi yalumikizana; mukaona timathovu tikukula n'kumaphulika, gasi akutuluka, ndipo musayatse machesi mpaka mutakonza. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, motero akatuluka amakhazikika pansi m'galimoto. Silinda iyende itaimirira, yomangidwa ndiponso yotseka. Ku Nyika, kumene malo ambiri ali pamtunda wa mamita oposa 2,000, usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira mpaka udzu kuchita chisanu, ndipo munthu amalakalaka kulowetsa mbaula kapena chitofu m'tenti. Musayerekeze. Makala ndi gasi zikamayaka pamalo otsekeka zimatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umapha anthu ali mtulo. Nyamulani mabulangete okwanira.

Madzi a m'thanki athiridwe mankhwala a klorini monga WaterGuard motsatira muyezo wolembedwa pabotolo, ndipo akumwa ndi bwino kuwasunga padera. Madzi otsukira mbale asatayidwe m'nyanja kapena mumtsinje. Pamsasa wa m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa chakudya chonse, makamaka zipatso, chitsekeredwe m'galimoto, chifukwa anyani ndi apusi amatsegula mabokosi ndipo njovu zimatsata fungo. Musaimike galimoto pakanjira kamene mvuu zimadzera potuluka m'madzi usiku. Ogwira ntchito pamsasapo amakadziwa, afunseni. Neti ya pamawindo a tenti ikang'ambika isokedwe tsiku lomwelo, pakuti kunyanja ndi kuzigwa malungo ndi ochuluka.

Ngati mudzadutsa malire, tengani zikalata za galimoto ndi kalata ya mwini wake yokulolezani kutuluka nayo m'dziko. Inshulansi ya COMESA Yellow Card imagwira ntchito ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, koma ku Mozambique mudzafunika ina. Konzani ulendo kuti dzuwa lizilowa mutafika kale pogona, chifukwa usiku misewu yathu imadzaza ndi oyenda pansi, njinga zopanda nyali ndi magalimoto owonongeka amene chizindikiro chawo ndi nthambi zoyalidwa pamsewu.

Mukabwerera kunyumba, tsegulani tenti padzuwa iume kotheratu, matiresi muwatulutse, popeza tenti yopindidwa ndi mame imachita chuku m'masiku ochepa ndipo fungo lake silichoka msanga. Khuthulani thanki ya madzi, tsukani filiji n'kuisiya yotsegula pang'ono, tsukani matope kunsi kwa galimoto, ndipo batire lachiwiri mulitchaje lidzaze musanaimike galimoto kwa nthawi yaitali.