Momwe mungathandizire ball python ikakanika kufundula kapena ikagwidwa ndi nthata

Kwathu njoka saweta. Ikaoneka pabwalo, wina amathamangira ndodo, wina mwala, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ambiri mwa abale athu amene akugwira ntchito m'nyumba za eni ake ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Britain akudziwa kuti kuli anthu amene amasunga njoka m'bokosi lagalasi pabalaza, ndipo bwana akamapita ku holide amangoti, "Uzindionerako mwana wangayu." Enanso ndi makolo amene ana awo obadwira kunjako adakakamira mpaka njoka kugulidwa. Nthawi zambiri njokayo imakhala ball python.

Ndi nsato yaing'ono, yopanda ululu, yofatsa. Ikachita mantha imadzikulunga ngati mpira mutu n'kuubisa pakati, ndipo dzina lake lidachokera pamenepo. Akatswiri amaitcha Python regius. Siitalika kwenikweni kupyola mita imodzi ndi theka, koma ikasamalidwa bwino imakhala zaka 20 mpaka 30. Musaisokoneze ndi nsato ya kwathu kuno, imene imafika mamita anayi ndipo ndi yotetezedwa ndi malamulo a zanyama zakutchire. Imeneyo si yogwira n'kuika m'nyumba.

Ball python kwawo ndi kuzambwe ndi pakati pa Africa, maiko monga Ghana, Togo, Benin ndi Nigeria. Masana imabisala m'mauna a mbewa ndi mkati mwa chulu, momwe mumakhala mofunda komanso mwachinyezi ngakhale kunja kutauma gwa. Gwiritsitsani mfundo imeneyi, chifukwa mavuto awiri amene tikambiranewa, khungu lokanirira ndi nthata, amathetsedwa makamaka pokonza nyumba ya njokayo. Mankhwala ambiri mupereka ku bokosi, njoka yeniyeniyo muzingoigwira pang'ono.

Choyamba: dziwani kuti yatsala pang'ono kufundula

Yaing'ono, imene ikukula msanga, imafundula pafupifupi masabata anayi kapena asanu ndi limodzi alionse. Yaikulu imatenga nthawi yotalikirapo. Zizindikiro zimabwera motsatana. Kumimba kumayamba kufiirira pang'ono, khungu lonse limazilala ngati lawazidwa phulusa, kenako maso amachita chifunga, otuwa mobiriwira ngati muli mkaka. Apa njoka siona bwino, imakana chakudya, ndipo ngakhale yofatsa ikhoza kukujomphani. Isiyeni. Musaidyetse, musainyamule.

Pakapita masiku angapo maso amayera, khungu n'kuoneka ngati labwerera mwakale. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Ine ndemwe ulendo woyamba ndidafufuza bokosi lonse kufunafuna khungu lakale, ndikuganiza kuti yafundula usiku ndipo mwina yadya khungulo. Ayi ndithu, inali isanayambe n'komwe. Kufundula kwenikweni kumachitika patadutsa masiku atatu kapena asanu kuchokera pamene maso ayera.

Chachiwiri: konzani mpweya wa m'bokosi

Musayeze chinyezi ndi maso kapena ndi dzanja. Gulani hygrometer ya manambala, kachipangizo koyezera chinyezi, ndi yotchipa, ndipo ambiri amabwera ndi themomita yomwe. Masiku wamba chinyezi chisatsike pa 60 peresenti, ndipo njoka ikayamba kuchita chifunga m'maso mukweze chifike 70 mpaka 80. Kumbali yofunda ya bokosi kukhale madigiri 31 kapena 32, kumbali yozizirirapo 25 mpaka 27. Chotenthetsera chilichonse chidzere pa thermostat, kachipangizo kozimitsa chotenthetseracho kutentha kukakwanira, apo ayi njoka imapsa kumimba osasuntha n'komwe.

Amene muli ku Johannesburg mukuidziwa mphepo ya mu Juni ndi Julayi, ija yong'ambula milomo ndi zidendene. Njoka nayo imaumva mpweya umenewo. Ku Britain zotenthetsera nyumba zikayatsidwa nyengo yozizira, mpweya wa m'chipinda umauma chimodzimodzi. Ngati bokosi lili ndi chivindikiro cha waya pamwamba, chinyezi chonse chimathawira pamenepo, ndiye phimbani gawo lalikulu la wayayo n'kusiya mpata wolowera mpweya, kutali ndi nyale yotenthetsera ngati ilipo.

Pansi pa bokosi yalani zinthu zosunga madzi, monga makoko a kokonati opera amene amagulitsa m'masitolo a ziweto. Utuchi wa paini ndi wa mkungudza ayi, mafuta ake amapweteka njoka. Madzi muzithira m'makona kuti anyowetse kunsi, pamwamba pomwe njoka imagona pakhale pouma. Njoka yogona pamatope imawola mamba akumimba, ndiye mwathawa vuto lina n'kugwera lina.

Chida chimene chimathandiza koposa zonse ndi chosalira ndalama. Tengani kontena yapulasitiki ya ayisikilimu, boolani khomo m'mbali, salazani m'mphepete mwa bowolo kuti lisacheke. Mkati ikani sphagnum moss wonyowa (mtundu wa ndere wosunga madzi), kapena mapepala opukutira m'manja amene mwawanyowetsa n'kuwafinya. Ikani kontenayo chakumbali yofunda. Mwaipangira una wa mbewa wa kwawo uja. Idzalowa yokha ikafuna. Musaiwale mwala kapena chikuni chokhakhala choti ikhulepo mphuno poyamba kuvula.

Chachitatu: yang'anani khungu lomwe yavula

Zikayenda bwino khungu limachoka lathunthu, lotembenuzika ngati sokosi yovulidwa mwaulesi. Musafulumire kulitaya. Litambasuleni, muone kumutu ngati tizivindikiro tiwiri ta maso tilipo. Njoka ilibe zikope, diso lake limaphimbidwa ndi mamba oonekera mkati, ndipo amenewo amayenera kuchokera limodzi ndi khungu lonse. Onaninso kumchira ngati nsonga yake yatuluka yonse.

Chachinayi: khungu likakanirira

Mukapeza njoka ili zigambazigamba, khungu lakale likulendewera apa ndi apo, manja anu adzayabwa kufuna kusenda. Dziletseni. Khungu louma likakokedwa limazula mamba atsopano a kunsi kwake.

Kawirikawiri kungokweza chinyezi ndi kuika kontena ija kumakwanira pa masiku awiri kapena atatu. Zikakanika, tengani beseni lokhala ndi chivindikiro choboola timabowo. Yalani thaulo lonyowetsedwa ndi madzi ofunda pang'ono, a madigiri 28 kapena 29. Yezani ndi themomita, chifukwa madzi amene dzanja lanu likumva kufunda bwino amakhala otentha kale kwa njoka. Iikeni pathaulopo, vindikirani, mudikire mphindi 20 mpaka 30 muli pomwepo. Mukaitulutsa, ilekeni ikwawe yokha kudutsa m'thaulo lomwe mwafumbata mopepuka. Khungu lofewa lija limatsalira m'thaulomo. Lomwe lakana lisiyeni, mudzabwereze mawa.

Malo awiri ndi osaseweretsa. Kunsonga ya mchira, khungu lotsalira limauma n'kumanga ngati mphira, magazi osadutsa, mpaka nsongayo kufa n'kuduka. Pamenepo nyowetsani ndi kupukusa pang'onopang'ono ndi chala mpaka lichoke. Kumaso ndi kosiyana: osakhudzako. Alipo amene amalangiza zokoka ndi selotepi kapena kapanira, ndipo njoka zambiri zasiya kuona chifukwa cha malangizo amenewo. Komanso diso la njoka yosowa madzi m'thupi limachita makwinya n'kumaoneka ngati latsalira chivindikiro pamene palibe, ndiye mungakoke diso lenilenilo. Konzani chinyezi, nthawi zambiri chimachoka pa kufundula kotsatira. Chikapanda kuchoka, kapena diso likatupa, pitani nayo kwa dotolo wa ziweto wodziwa za njoka.

Tsopano nthata

Njoka ikamakanika kufundula bwino mobwerezabwereza pamene chinyezi chili chokwanira, kapena mukamaipeza tsiku lonse ili khale m'mbale ya madzi, ganizirani nthata. Ball python yathanzi siikonda kukhalitsa m'madzi. Ikamatero, mwina m'bokosi mwatentha kwambiri, mwina mwauma, apo ayi ikuyesa kumiza tizilombo tomwe tikuiluma.

Tulutsani njoka, muyang'ane pansi pa mbale ija. Mukaona timadontho takuda ngati tsabola wopera, tengani kamodzi mukatswanye papepala loyera. Kakasiya chizindikiro chofiira, amenewo ndi magazi a njoka yanu. Njira ina ndi kuipukuta thupi lonse ndi pepala loyera lonyowa n'kuona chotsalirapo. Pathupi nthata zimakonda kubisala mozungulira maso, m'kamzere ka pansi pa chibwano, m'timaenje ta pamlomo wam'mwamba tomvera kutentha, ndi potulukira chimbudzi. Nthawi zina mumaonanso tifumbi toyera pamsana, ndizo ndowe zake. Usiku ndi tochi zimaoneka bwino zikuyenda.

Dzina lake ndi Ophionyssus natricis. Kuti muzimvetse, ganizirani nsikidzi. Aliyense amene adagonapo m'nyumba ya nsikidzi akudziwa kuti kusamba sikuthetsa kanthu, poti mazira ali m'ming'alu ya bedi. Nthatazi ndi chimodzimodzi. Zimayamwa magazi, zikakhuta zimatsika n'kukaikira mazira m'makona, m'ming'alu ya chikuni, pansi pa mkombero wa chivindikiro. Mazira amaswa m'masiku ochepa, ndipo pakangotha masabata awiri kapena kupitirira pang'ono, ana aja nawo ayamba kuikira. Nthata yaikulu imatha kukhala ndi moyo mpaka masiku 40. Zikachuluka, njoka yaing'ono imatha magazi n'kufa, ndipo zimanyamulanso matenda kuchoka pa njoka ina kupita pa inzake.

Tsiku loyamba chitani zonsezi osasiyiza.

Sunthani njoka muiike m'beseni la madzi ofunda pang'ono aja, osaya, ongofika pakati pa thupi lake, kwa mphindi 20. Izi zimamiza nthata zambiri za pathupi, ngakhale zina zimathawira kumutu, ndiye kumeneko muzichotse ndi kathonje konyowa, osagunda diso. Pamene ili m'madzi wina aziiyang'anira.

Zoyala pansi zonse longezani m'jumbo, mangani zolimba, mukataye kunja kwa nyumba nthawi yomweyo. Zikuni, makungwa ndi moss, ine ndimati tayani basi, n'zosavuta kupeza zina. Mukakakamira kuzisunga, ziwiritseni. Kutentha kopyola madigiri 50 kumapha nthata ndi mazira omwe. Mbale ndi zobisalamo zapulasitiki tsukani ndi madzi otentha ndi sopo. Bokosi lenilenilo likwecheni paliponse, makamaka m'makona ndi m'mizere yodutsa magalasi, ndipo pukutani shelefu, khoma ndi pansi pozungulira, poti zimayenda mtunda ndithu.

Pobwezera njoka, nyumba ikhale ngati wodi ya kuchipatala: mapepala oyera pansi, mbale ya madzi, zobisalamo ziwiri zapulasitiki, basi. Papepala loyera kadontho kakuda kalikonse kamaonekera patali. Sinthani mapepalawo tsiku lililonse kapena pakadutsa tsiku limodzi.

Za mankhwala

Apa ndi pomwe njoka zambiri zimafera m'manja mwa ozikonda. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, parafini, dibi ya ng'ombe, ufa wothira m'khola la nkhuku, zonsezi zisayandikire. Mafuta ophikiranso ayi. Ena amadzoza njoka thupi lonse kuti nthata zibanike, koma mazira a m'bokosi sakhudzidwa, ndipo mafuta akachuluka amasupula mamba.

Alipo mankhwala a permethrin opangidwira mabokosi a njoka, monga Provent-a-Mite. Amenewa amapoperedwa m'bokosi ndi pamapepala, njoka ndi mbale ya madzi zili kunja, ndipo mudikire mpaka ziumiretu fungo litatha musanazibwezere. Osapopera panjoka. Ngati m'nyumbamo muli mphaka samalani kwambiri, permethrin amapha amphaka. Nsomba za m'galasi nazonso sizipirira.

Madotolo a ziweto ali ndi ena, monga ivermectin, fipronil ndi afoxolaner, ndipo muyezo wake amawerengera potengera kulemera kwa njoka. Musayerekeze nokha pogawa piritsi la galu. Ngati pakhomopo pali fulu kapena kamba, muuzeni dotoloyo, chifukwa ivermectin kwa amenewa ndi imfa. Amene safuna mankhwala amagula tizilombo tina todya nthata, timene amagulitsa ku Ulaya ndi dzina loti Taurrus, koma musatiphatikize ndi mankhwala opopera, chifukwa tizilomboto tifera limodzi ndi nthatazo.

Kulephera kwa ambiri kumabwera sabata yachiwiri. Nthata zasowa, njoka yatuluka m'madzi, munthu n'kubwezera makoko ndi zikuni zonse kuti bokosi likongole. Pakatha mwezi zabweranso. Pitirizani kuyeretsa ndi kubwereza mankhwala monga momwe alembera pabotolo kapena momwe dotolo wanenera, ndipo njoka ikhalebe pamapepala oyera masabata asanu ndi limodzi kuchokera tsiku lomwe mwaona nthata yomaliza. Pa nthawi imeneyi mapepala sasunga chinyezi, choncho kontena ya ayisikilimu ija ikhalemo, ndi mapepala onyowa m'malo mwa moss, osinthidwa pafupipafupi. Ikafundula mkati mwa masabatawa, khungulo tayani kunja msangamsanga. Musadabwe likachoka moduladula, mabala a nthata amatero, kufundula kwachiwiri kumakhala bwino.

Nthata sizimera zokha m'nyumba. Zimabwera ndi njoka yatsopano, ndi zinthu zogula kusitolo komwe kuli njoka zina, kapena pamalaya anu mukagwira njoka ya mnzanu. Ngati muli ndi zingapo, imodzi ikagwidwa muzitenge zonse ngati zagwidwa. Yatsopano iliyonse ikhale m'chipinda chayokha, pamapepala oyera, kwa masiku 90, ndipo muziisamalira pomalizira mutathana ndi zinazo. Mukatero sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Kupatula nthata, njoka zimanyamula Salmonella, kachilombo kotsegula m'mimba, ndiye mbale yake musatsukire musinki ya kukhitchini.