Mmene ndinathetsera kugundana kwa masiku a khoti ndi a kalasi

Ndine loya wa ofesi yaing'ono mumzinda wa Zomba, ndimaphunzitsanso malamulo pakoleji ina, ndipo ndili ndi munda wa chimanga ndi nandolo cha ku Thondwe. Vuto linali loti woweruza akaimitsa mlandu, tsiku latsopano limene ankatchula nthawi zambiri linkagwera pa nthawi ya kalasi, ndipo mlandu ukakhala wa ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 70 unkadya tsiku lonse.

Ndinapempha akuluakulu apakoleji kuti maphunziro anga onse awaike Lachisanu masana ndi Loweruka m'mawa, ndipo anavomera. Koma chimene chinathandiza kwambiri ndi buku limodzi lolembamo masiku, limene ndimalowa nalo m'khoti. Chaka cha maphunziro chikamayamba, ndimalembamo ndi inki yofiira masiku onse a kalasi ndi a mayeso, kotero kuti woweruza akamafunsa maloya tsiku loyenera, ndimatsegula pomwepo n'kupempha mwaulemu tsiku lina asanalembe. Kupempha pomwepo n'kosavuta. Kudzapempha pambuyo pake kumafuna makalata, ndipo mwini mlandu, amene mwina wabwereka ndalama ya minibasi kuchokera ku Jali, ndiye amavutika.

Ndinagwirizananso ndi loya mnzanga kuti tiziimirana pa nkhani zazing'ono, koma osati pofunsa mboni, chifukwa pamenepo pamafunika munthu woudziwa mlanduwo bwino.

Za kumunda ndinazisiya m'manja mwa kapitawo. Ndalama za aganyu ndimatumiza pa Airtel Money, ndipo ndimapitako Loweruka madzulo, makamaka mu Disembala pa nthawi yopalira ndi kuthira feteleza.