Momwe mungapangire gemu yanu yoyamba ndi anzanu kuno ku Zomba

Mukadutsa ku Chikanda madzulo, simulephera kupeza ophunzira a ku Chanco atazungulira laputopu imodzi akukambirana za gemu yomwe adzapange. Kawirikawiri gemuyo imakhala yaikulu zedi: tauni yonse ya Zomba, magalimoto, apolisi, anthu ambirimbiri akusewera pa intaneti nthawi imodzi. Pakatha miyezi itatu chotsala ndi foda ya zithunzi, ndipo ena pagulupo sakulankhulananso. Sikuti sadziwa kulemba pulogalamu ayi. Amasenza katundu wosawayenera, komanso sagawana bwino ntchito. Njira ili pansipa ndi ya gulu la anthu atatu kapena anayi, ndipo ndikulankhula makamaka ndi inu amene mudzagwire ntchito yolemba code.

1. Sankhani chida cholingana ndi laputopu ndi bandulo yanu

Zida zodziwika zopangira magemu ndi Unreal, Unity ndi Godot. Unreal imagwiritsa ntchito chilankhulo cholembera code cha C++ ndipo imafuna kompyuta yamphamvu. Unity imagwiritsa ntchito C#, koma kuiika kokha kumadya magigabayiti angapo. Kwa gulu loyamba kumene ine ndimalangiza Godot. Ndi yaulere, code yake inatsegulidwa kwa aliyense mu 2014, ndipo mukaikoka pa intaneti kamodzi mutha kupatsana pa fulashi, siifuna kuikidwa. Chilankhulo chake, GDScript, chimafanana ndi Python, ndiye amene munalawako Python m'kalasi simuvutika.

Poyambitsa pulojekiti, Godot 4 ikakufunsani njira yojambulira zithunzi pa sikirini, sankhani Compatibility, chifukwa ndi imene imayenda bwino pa malaputopu akale ndi mafoni otsika mtengo. Nonse mugwiritse ntchito Godot ya nambala imodzi. Wina akakhala pa 3 wina pa 4, mafayilo sadzamvana.

2. Yambani mwaphunzira panokha

Dzipatseni masabata awiri musanalonjeze anzanu chilichonse. Pa webusaiti ya Godot pali phunziro lopangira gemu yoyamba ya 2D. Litsateni mpaka kumapeto, polemba code ndi zala zanu osati kungokopera. Mumvetse node (kachidutswa kamodzi ka gemu, monga chithunzi kapena mawu), scene (ma node angapo ophatikizidwa kukhala chinthu chimodzi) ndi signal (uthenga womwe node imatumiza china chake chikachitika).

Palinso kanthu kamodzi komwe ambiri amakadumpha: delta. Gemu imajambula chithunzi kambirimbiri pa sekondi. Laputopu yanu itha kujambula ka 60, foni ya mnzanu ka 30. Mukauza njinga kuti izisuntha pang'ono pa chithunzi chilichonse, pa foni ya mnzanuyo idzayenda theka la liwiro lake. Mukachulukitsa liwirolo ndi delta, yomwe ndi nthawi yomwe yadutsa kuchokera pa chithunzi chapitacho, njinga imayenda mofanana paliponse.

3. Chepetsani gemu mpaka ikwane pa tsamba limodzi

Khalani pansi nonse mulembe gemu yonse pa pepala limodzi. Chitsanzo: wakabaza akuchokera ku Matawale kupita kumsika waukulu, akuzemba maenje ndi mbuzi, akunyamula anthu panjira. Akagunda katatu, gemu yatha. Mabatani ndi awiri, kumanja ndi kumanzere. Basi. Wina akanena kuti tiwonjezere njira yokwera ku Ku Chawe, lembani kuseri kwa pepala, mudzaiona yoyambayo ikatha.

Ena amathamangira bawo poganiza kuti ndi yosavuta. N'zoona kuti maenje 32 ndi timiyala 64 mu code ndi mndandanda wa manambala chabe. Koma malamulo ofesera ndi odyera ali ndi tinthu tambiri, ndipo kuphunzitsa kompyuta kusewera mokhutiritsa madala a pansi pa mtengo ndi ntchito ina payokha. Bawo isungeni, idzakhale yachiwiri.

4. Gawanani ntchito, ndipo musadikirane

Mmodzi ajambule, pulogalamu yojambulira ya Krita ndi yaulere. Wina asamale za mawu: belu la njinga ndi phokoso la pamsika atha kuzijambula pa foni n'kuzikonza mu Audacity. Inu olemba code musakhale manja lende podikira zithunzi. Ikani bokosi lofiira m'malo mwa njinga, bwalo lakuda m'malo mwa dzenje, gemu iyambe kuseweredwa sabata yoyamba yomweyo.

Pagulu, ntchito yanu ndi yopeputsira anzanu. Manambala monga liwiro la njinga kapena kuchuluka kwa maenje musawabise mkati mwa code. Alembeni ndi @export kuti aoneke pambali mu Godot, mnzanu azisintha yekha osakuimbirani foni usiku. Gwirizananinso kukula kwa zithunzi ndi mayina a mafayilo musanayambe.

5. Phunzirani Git tsiku loyamba

Apa ndi pomwe magulu ambiri amathera. Aliyense amatumiza zip pa WhatsApp, "gemu_yomaliza", kenako "gemu_yomaliza_yeniyeni", mpaka palibe akudziwa kuti yolondola ndi iti. Git, yomwe Linus Torvalds anapanga mu 2005, imasunga mbiri ya kusintha kulikonse ndi dzina la amene wasintha. Tsegulani malo amodzi pa GitHub, webusaiti yosungirapo ntchito ya mu Git, n'kwaulere ngakhale mutafuna kuti anthu ena asaone, ndipo muitane anzanu onse, wojambula yemwe.

Chizolowezi chake n'chachifupi. Musanayambe ntchito chitani pull kuti mutenge zomwe anzanu asintha. Mukamaliza kanthu kamodzi chitani commit kuti kasungidwe m'mbiri ya pa kompyuta yanu. Mukapeza netiweki chitani push kuti zomwe mwasintha zifike pa GitHub. Commit siifuna intaneti, ndiye magetsi akazima batire ikutha, sungani ntchito pompo, push mudzachita mawa. Uthenga wa commit uzinena chomwe mwachita, monga "njinga siikudutsanso m'mphepete mwa msewu", osati "zasintha".

Foda yotchedwa .godot isalowe mu Git. Godot imaipanga yokha pa kompyuta iliyonse, choncho dzina lake lilembedwe mu fayilo ya .gitignore, yomwe ndi mndandanda wa zinthu zoti Git izisiye.

Vuto lopweteka mutu kwambiri ndi anthu awiri kusintha scene imodzi nthawi imodzi. Git imalephera kusankha ntchito ya ndani itsale, ndipo kulumikiza pamanja mafayilo a scene (.tscn) n'kotopetsa. Mankhwala ake ndi kugawa gemu m'ma scene ang'onoang'ono: njinga payokha, msewu pawokha, tsamba loyambira palokha. Aliyense akhale ndi scene yake. Mukafuna kukhudza ya mnzanu, muuzeni kaye pagulu la WhatsApp, monga momwe mumaodira musanalowe m'nyumba ya eni.

Kamodzi pa sabata kumanani maso ndi maso, aliyense aonetse chomwe chikuyenda pa sikirini. Zoti "ndatsala pang'ono" sizikuwerengedwa.

6. Ipatseni anthu osaidziwa

Kuti gemu ipite pa foni ya Android mufunika kukoka zida zina zitatu: export templates a Godot, Android SDK ndi Java. Izi ndiye zimadya bandulo, ndiye munthu mmodzi azikokere pa Wi-Fi, akhale wotulutsira gulu lonse APK, fayilo yomwe imaika gemu pa foni.

Kenako perekani foni kwa mng'ono wanu kapena kwa wakabaza weniweni pa siteji, inu mutseke pakamwa. Musamuuze pomwe adine. Akasokonezeka, cholakwika chili mu gemu, osati mwa iyeyo. Lembani bug iliyonse, kutanthauza cholakwika cha mu gemu, ndi momwe yachitikira, muyambe kukonza zomwe zikuzimitsa gemu, zokongoletsa pambuyo. Yesani pa foni yofooka kwambiri yomwe mungaipeze.

7. Itulutseni

Pa webusaiti ya magemu ya itch.io mutha kuika gemu kwaulere. Google Play imafuna madola 25 olembetsera kamodzi, ndiye ikhoza kudikira. Musanaike paliponse, gwirizanani kuti akaunti ikhala m'dzina la ndani ndipo mayina a nonse alembedwe m'gemumo ndi ntchito ya aliyense, chifukwa ndi zomwe mudzaonetse pofunsira ntchito. Ngati gululo likadali logwirizana, chaka chilichonse chakumapeto kwa Januwale kumakhala Global Game Jam, pomwe magulu amapanga gemu m'maola 48 okha. Pepala lija munalemba kuseri musalitaye, mudzalifuna.