Kusintha ubweya wa burashi yakale yometera ndevu

Mukapeza burashi yakale yometera ndevu, kaya ndi Ever-Ready kapena Rubberset za ku America, kaya Simpson ya ku England, yambani mwayang'ana chigwiriro. Ubweya ukhoza kuthothoka wonse, umenewo umagulidwa. Bola chigwirirocho chisakhale ndi mng'alu.

Ubweya wakalewo musaumvere chisoni. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ubweya wa badger, kanyama kofananako ndi chiuli, unasowa. Opanga maburashi anatembenukira ku ubweya wa hatchi wosayeretsedwa bwino, ndipo asilikali ena a ku Britain ndi America anadwala anthrax atadzicheka pometa. Ndiye burashi ikakhala yopangidwa chisanafike chaka cha 1930, ine ndimangoti ubweyawo uchoke basi.

Dulani ubweya ndi sizasi mpaka pakamwa pa chigwiriro. Kulungani chigwirirocho ndi tepi kuti chisakandike, kenako boolani pakati pa chitsa chatsalacho ndi dirilo yaing'ono, n'kumakuza bowolo pang'onopang'ono. Zotsalira m'mbali muzipale ndi kampeni, musalaze ndi sandipepa. Valani chotchinga kumphuno, fumbi lake ndi loipa. Ena amafewetsa guluu wakale ndi nthunzi, koma pa chigwiriro chakale njirayi sindiilimbikitsa: pulasitiki ya Bakelite, imene Leo Baekeland anatulukira mu 1907, ikhoza kusuluka, ndipo celluloid, pulasitiki ina yakale, imapindika ikatenthedwa.

Musadabwe dirilo ikagwera m'kati mwadzidzidzi. Zigwiriro zambiri za Ever-Ready n'zamphako. Dzazani mphakoyo ndi epoxy, guluu wolimba wobwera m'machubu awiri osakaniza, ndipo ngati mukufuna kuti burashi izilemerako m'manja, ponyanimo tindalama tachitsulo.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mtolo watsopano wa ubweya, umene ogulitsa amautchula kuti knot, umayezedwa m'mamilimita kutsinde kwake, ndipo wofala ndi wa 20 mpaka 26. Yezani bowo lanu, mugule wocheperako ndi milimita imodzi kapena ziwiri, chifukwa pamwamba pa tsinde ubweya umatambasuka. Ukafika, musathamangire guluu. Ulowetseni wouma, muone kutalika kwa ubweya wotuluka kunja. Ambiri amakonda wa mamilimita pafupifupi 50. Mukaumiza kwambiri burashi imalimba n'kumakanda tsaya, mukausiya pamwamba imalefuka ngati chikolopa, thovu n'kumangomwazika. Ikani tindalama kapena kachidutswa ka cork, chija amatsekera mabotolo a vinyo, pansi pa bowo, muziwonjezera ndi kuchotsa mpaka mutapeza msinkhu wokukomerani. Ndi bwinonso kuyamba mwamata ndi kadontho ka guluu wa silikoni, mumete nayo sabata imodzi, popeza silikoni imazuka mukasintha maganizo. Epoxy ikagwira, yagwira.

Mukakhutira, sakanizani epoxy wa machubu awiri uja, mupake pansi pa bowo pang'ono chabe. Akachuluka amakwera m'ubweya n'kuumitsa ngati mtengo. Kanikizani mtolowo, muonetsetse kuti waima chilili, ndipo muisiye maola 24 isanakhudze madzi.

Mukasankha mtolo wa ubweya wa nkhumba, dziwani kuti umayamba ndi kafungo komanso kuuma. Umafewa mukameta nawo kwa masabata angapo, nsonga zake zikagawanika.